Alexander Novak, munthu amene amawerengera Russia migolo ya mafuta: mafunso ndi mayankho

Mtengo wa mafuta ukayamba kugwedezeka padziko lonse, atolankhani amathamangira maina awiri kapena atatu, ndipo limodzi mwa mainawo ndi la a Alexander Novak. Ambiri timangolimva pa wailesi likudutsa. Apa tasonkhanitsa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri za bamboyu, ntchito yake komanso dziko limene amaligwirira ntchito.

Kodi Alexander Novak ndi ndani?

Ndi katswiri wa zachuma wa ku Russia amene anakhala nduna yoona za mafuta, gasi ndi magetsi kuyambira mu Meyi 2012 mpaka mu Novembala 2020. Zaka zisanu ndi zitatu ndi theka pa mpando umenewu si masewera: chigwereni Soviet Union palibe wina anakhalapo nthawi yaitali chotero, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nduna za undunawu zinkasinthidwa ngati malaya. Atachoka pa undunawo anakhala mmodzi mwa achiwiri kwa nduna yaikulu, ndipo nkhani za mafuta anapita nazo limodzi.

Akuti anabadwira ku Ukraine. N'zoona?

N'zoona. Anabadwa pa 23 Ogasiti 1971 m'tauni ya Avdiivka, pafupi ndi mzinda wa Donetsk. Nthawi imeneyo Ukraine ndi Russia zinali mbali za dziko limodzi la Soviet Union, choncho kuchoka ku Donetsk kukagwira ntchito ku Siberia kunali kungosamuka m'dziko lako lomwe. Makolo awo anachita zimenezo a Novak adakali mwana, n'kukakhazikika ku Norilsk.

Norilsk ndi malo otani?

Apa m'pofunika kuima kaye, chifukwa munthuyu sungamumvetse usanaudziwe mzinda umene unamulera.

Norilsk ali kumpoto kwenikweni kwa Siberia. M'nyengo yozizira dzuwa limasowa osatulukanso kwa mwezi ndi theka, masana amakhala ngati madzulo, ndipo kuzizira kumatha kufika madigiri 50 kunsi kwa ziro. Nthaka yake ndi youma gwa ndi madzi oundana chaka chonse, moti nyumba zambiri amazimanga pamwamba pa nsanamira, kuopa kuti kutentha kwa m'nyumba kungasungunule pansi n'kugwetsa makoma. Palibe msewu kapena njanji imene imalumikiza mzindawu ndi mbali zina za Russia. Ukafuna kutuluka, ndi ndege, apo ayi sitima yapamadzi kuchokera pa doko la Dudinka pa mtsinje wa Yenisei.

Anthu anapita kukafunako chiyani kumalo otere? Miyala ya mtengo wapatali: nikelo, kopa ndi paladiyamu. Amene anayamba kukumba ndi kumanga mzindawo kuyambira mu 1935 anali akaidi a m'misasa ya ukapolo ya nthawi ya Stalin, wolamulira Soviet Union, ndipo ambiri anafera komweko. Pambuyo pake boma linayamba kukopa anthu ndi malipiro okwera. Utsi wa mafakitale ake unapha mitengo yozungulira mzindawo, ndipo mpaka lero Norilsk amatchulidwa pakati pa mizinda ya mpweya woipa kwambiri padziko.

Mumzinda wotere chilichonse chimachokera kwa kampani imodzi, Norilsk Nickel: ntchito, nyumba, kutentha kwa m'nyumba, ngakhale ndalama zoyendetsera khonsolo. Mwana wokulira kumeneko amadziwa msanga kuti mtengo wa nikelo ukagwa pa msika wa zitsulo wa ku London, mphika wa kunyumba kwawo umachepa. A Novak analowa m'fakitale ya kampaniyo mu 1988, ali ndi zaka 17, ngati wantchito wamba woyang'anira makina osungunula ndi kuyeretsa miyala.

Ndiye anaphunzira za mafuta kapena za chuma?

Za chuma. Mu 1993 anamaliza maphunziro pa Norilsk Industrial Institute, pomwe anaphunzira za chuma ndi kayendetsedwe ka mafakitale a zitsulo. Mu 2009, ali kale wachiwiri kwa nduna, anawonjezera digiri ya utsogoleri wa ntchito pa Moscow State University. Chitsime cha mafuta sanakumbepo n'chimodzi chomwe. Msonkho, ngongole ndi bajeti ndiye munda wawo.

Anachoka bwanji m'fakitale kukafika ku Moscow?

Pang'onopang'ono, komanso pogwira mkono wa munthu woyenera. M'zaka za m'ma 1990 anasamukira ku maofesi a zachuma a kampani ya Norilsk Nickel. Inali nthawi ya chipwirikiti: boma la Boris Yeltsin linali pa ngongole, linapinyolitsa makampani akuluakulu kwa amabanki, ndipo Norilsk Nickel inagwera m'manja mwa gulu la a Vladimir Potanin. Amene anatumizidwa kukayendetsa kampaniyo anali a Alexander Khloponin.

Mu 2000 a Novak anakhala wachiwiri kwa mkulu wa mzinda wa Norilsk, woona za chuma. Mu Epulo 2002 bwanamkubwa wa chigawo cha Krasnoyarsk, a Alexander Lebed, anafa pa ngozi ya helikopita, a Khloponin n'kupambana chisankho cholowa m'malo mwawo. Anatenga a Novak kuti akasunge thumba la chigawocho, chomwe ndi chimodzi mwa zigawo zazikulu kwambiri za Russia. Pofika 2008 a Novak anali atakwera mpaka kukhala mkulu wa boma la chigawocho, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anaitanidwa ku Moscow kukakhala wachiwiri kwa nduna ya zachuma, a Alexei Kudrin. Anafika mwezi womwe chuma cha dziko lonse chinagwa chagada, mtengo wa mafuta n'kutsika kuchoka pa madola oposa 140 pa mgolo mu Julayi kufika pansi pa 40 mu Disembala. Sukulu yoposa pamenepo kulibe.

N'chifukwa chiyani anapereka unduna wa mafuta kwa munthu wa mabuku a ndalama?

Chifukwa ku Russia mafuta ndi nkhani ya msonkho. Pamene a Novak ankalowa mu ofesi mu 2012, pafupifupi theka la ndalama zonse za bajeti ya boma zinkachokera ku mafuta ndi gasi. Zitsime zili m'manja mwa makampani monga Rosneft, Lukoil, Gazprom ndi Surgutneftegas, ndipo mainjiniya ali nawo okwanira. Chimene boma limafuna ndi munthu wodziwa kuti lingakame zingati osaumitsa ng'ombe. Komanso munthu wochokera kunja kwa makampaniwa analibe mbali, zomwe zinathandiza kuti akuluakulu okokanakokana aja amulole.

Kodi nduna ya mafuta ku Russia ndiye mwini mawu omaliza?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasocherera. Mawu omaliza ndi a Vladimir Putin. Pambali pawo pali a Igor Sechin, mnzawo wakalekale wa a Putin, amene anakhala mkulu wa Rosneft mu Meyi 2012, mwezi womwe a Novak anapatsidwa unduna. Pa pepala nduna ili pamwamba pa mkulu wa kampani ya boma, koma aliyense ku Moscow amadziwa kuti a Sechin safunika kudzera kwa nduna kuti akaonane ndi pulezidenti. A Alexei Miller a ku Gazprom, kampani yaikulu ya gasi, nawonso chimodzimodzi.

Luso la a Novak, mmene ndikuonera ine, lagona pa kudziwa msinkhu wawo. Sapikisana ndi anthu amenewa poyera. Amaitanitsa akuluakulu a makampani, amamva madandaulo awo, amawerengera, kenako amanyamula manambala kupita nawo ku Kremlin, ku ofesi ya pulezidenti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi kumene kwawasunga pamene anzawo ambiri anagwa.

OPEC+ n'chiyani, ndipo a Novak akulowapo bwanji?

OPEC ndi bungwe la mayiko ogulitsa mafuta lomwe linakhazikitsidwa ku Baghdad mu 1960, ndipo likulu lake lili ku Vienna. Mkulu wosavala chisoti m'bungweli ndi Saudi Arabia. Russia sinakhalepo membala. Kwa zaka zambiri inkangoonerera OPEC ikuchepetsa mafuta kuti mtengo ukwere, iyo n'kumadyerera osachepetsako awo. A Saudi ankazidziwa zimenezi ndipo sankaikhulupirira.

Chinasintha zinthu ndi njala. Pakati pa 2014 mgolo umodzi, womwe ndi malita 159, unkagulitsidwa madola oposa 100. Makampani a ku America anali atapeza njira yofinyira mafuta m'miyala yolimba ya pansi panthaka, msika unadzaza, ndipo pofika Januwale 2016 mgolo unali pansi pa madola 30. Ndalama ya Russia, rubo, inagwa ndi theka. Nawo a Saudi thumba linayamba kubooka.

Kuyesa koyamba kunalephereka. Mu Epulo 2016 nduna zinasonkhana ku Doha kuti zisainirane zoti pasakhale wowonjezera mafuta, koma a Saudi anakana pa ola lomaliza ati chifukwa Iran sinali nawo. A Novak anabwerera chimanjamanja. Mwezi wotsatira Saudi Arabia inasintha nduna, a Ali al-Naimi n'kulowedwa m'malo ndi a Khalid al-Falih, ndipo a al-Falih ndi a Novak anagwirizana magazi. Pa 30 Novembala 2016 OPEC inavomera kuchotsa migolo 1.2 miliyoni patsiku. Pa 10 Disembala mayiko a kunja kwa bungweli anawonjezera migolo 558,000, mwa imeneyi 300,000 inali ya Russia. Mgwirizano umenewu ndi umene anthu anautcha OPEC+. Kuchokera tsiku limenelo, msonkhano wa ku Vienna sunkatha asanamve kuti a Novak abwera ndi uthenga wotani kuchokera ku Moscow.

Nanga Russia inkasungadi pangano?

Inkasunga, koma mwaukathyali. Mwezi umene anagwirizana kuti aziyezera kuchepetsako unali Okutobala 2016, pomwe Russia inali itapopa migolo yoposa 11 miliyoni patsiku, kuposa nthawi ina iliyonse chigwereni Soviet Union. Ndi ngati munthu wodzaza mbale mpaka kusefukira, n'kutapako pang'ono kuti anthu aone kuti wagawira anzake. Komanso a Novak ankanena kuti dziko lawo lizichepetsa pang'onopang'ono, poti chitsime cha ku Siberia ukachitseka m'chisanu chimatha kuundana osadzatsekukanso bwino. Chifukwacho n'choona ndithu, kungoti chinkawakomeranso.

Chinachitika n'chiyani mu Malichi 2020?

Umenewu ndi mwezi umene dzina lawo linamveka ngakhale kwa anthu osatsata za mafuta. Mliri wa Covid-19 unali utayamba kuimitsa ndege ndi mafakitale. A Saudi, omwe tsopano nduna yawo inali Prince Abdulaziz bin Salman, anafuna kuti gulu lonse lichotsenso migolo 1.5 miliyoni patsiku. Ku Moscow a Sechin anali atadandaula kwa nthawi yaitali kuti Russia ikachepetsa, opindula ndi makampani a ku America amene amalanda msikawo. Mkwiyo unalipo kale, chifukwa America inali itangoika ziletso pa ntchito yomanga mapaipi a gasi opita ku Germany otchedwa Nord Stream 2 komanso pa nthambi ina ya Rosneft.

Lachisanu pa 6 Malichi, nduna zinadikirira maola ambiri ku likulu la OPEC zokambirana za mseri zili mkati. Sizinaphule kanthu. A Novak potuluka anauza atolankhani, mosakweza mawu, kuti kuyambira pa 1 Epulo palibe dziko lomangidwa ndi pangano lililonse. A Saudi anapsa mtima: anatsitsa mitengo yawo n'kulengeza kuti atsekula mipopi yonse. Lolemba pa 9 Malichi mtengo unagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi tsiku limodzi.

Patangotha milungu isanu onse anabwerera pa tebulo, nthawi ino kudzera pa intaneti, a Donald Trump ataimbira foni a Putin ndi a Saudi. Pa 12 Epulo anagwirizana kuchotsa migolo 9.7 miliyoni patsiku, kuchepetsa kwakukulu kumene sikunachitikepo. Russia yokha inayenera kuchotsa pafupifupi 2.5 miliyoni, kuposa kutalitali zimene inakana mu Malichi. Ngakhale zinatero, pa 20 Epulo mtengo wa mafuta a ku America unatsika mpaka madola 37.63 kunsi kwa ziro, kutanthauza kuti wogulitsa ankachita kulipira munthu kuti amuchotsere katunduyo poti mosungira munadzaza.

Kodi a Novak analakwa? Amene ananyamula uthenga ndi iwo, koma amene anaulemba ndi ena. Umboni wake ndi wakuti patatha miyezi isanu ndi itatu anakwezedwa.

Nanga nkhani za gasi ndi Ukraine?

Zinawadyera nthawi yambiri. Russia italanda chigawo cha Crimea kwa Ukraine mu 2014, kampani ya Gazprom inatseka gasi wopita ku Ukraine mu Juni pa nkhani ya ngongole ndi mtengo. Ulaya anachita mantha, chifukwa gasi wambiri amene ankagula ku Russia ankadutsa m'mapaipi a ku Ukraine komweko. A Novak anakhala miyezi akukambirana ndi nduna ya Ukraine, a Yuri Prodan, mkhalapakati ali a Günther Oettinger a bungwe la European Union, mpaka anasainirana ku Brussels pa 30 Okutobala, chisanu chili pakhomo. Mu Disembala 2019 anathandizanso kumanga pangano la zaka zisanu loti gasi apitirize kudutsa ku Ukraine. Panganolo linagwira ntchito ngakhale nkhondo yaikulu ya Russia ndi Ukraine, imene inayamba mu 2022, ili mkati, mpaka linatha pa 1 Januwale 2025.

Nthawi yomweyo Russia inkafunafuna njira zolambalala Ukraine. Mu Okutobala 2016 a Novak anasaina ku Istanbul pangano la mapaipi a TurkStream opita ku Turkey, odutsa pansi pa nyanja ya Black Sea, omwe anayamba ntchito mu Januwale 2020. Mapaipi a Power of Siberia opita ku China anatsekulidwa mu Disembala 2019.

Kunyumba kwawo anakumana ndi zovuta zotani?

Zitatu ndi zimene zimakumbukika. Mu Novembala 2015 nsanamira za magetsi ochokera ku Ukraine kupita ku Crimea zinaphulitsidwa, dera lonse n'kukhala mumdima, ndipo unduna wawo unathamangitsa ntchito yoika nthambo pansi pa madzi a Kerch, olekanitsa Crimea ndi Russia. Mu Epulo 2019 mafuta oyenda m'mapaipi a Druzhba opita ku Ulaya anapezeka osakanikirana ndi mankhwala owononga makina, makasitomala ku Poland ndi Germany n'kuleka kulandira kwa milungu ingapo. Manyazi ake anali aakulu.

Chachitatu ndi chodabwitsa kwa ife ogula mafuta kunja: dziko lopopa migolo mamiliyoni patsiku nalonso limavutika ndi mtengo wa petulo. Mtengo ukakwera kunja, makampani amakonda kugulitsa kunjako, pa mapampu a kunyumba zinthu n'kukwera. Mu 2018 madalaivala anang'ung'udza kwambiri, ndipo kuyambira 2019 boma linayamba kubwezera makampani oyenga mafuta gawo la ndalama zimene amataya pogulitsa motchipa kunyumba. Mu 2023 boma litadula ndalamazo ndi theka, dizilo anasowa m'madera ena nthawi yokolola, ndipo mu Seputembala linaletsa kaye kugulitsa petulo ndi dizilo kunja.

Mu 2020 anachotsedwa kapena anakwezedwa?

Anakwezedwa. Pa 10 Novembala 2020 anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu a Mikhail Mishustin, unduna n'kupita kwa a Nikolai Shulginov, koma ku OPEC+ woimira Russia anakhalabe a Novak. Mu Meyi 2024, a Andrei Belousov atasamutsidwira ku unduna wa zachitetezo, a Novak anapatsidwanso kuyang'anira chuma chonse, ndipo nduna ya mafuta inakhala a Sergei Tsivilyov.

Achita zotani chiyambireni nkhondo ya 2022?

Ntchito yawo yakhala yopezera mafuta a Russia msika watsopano. Mu Malichi 2022 anachenjeza kuti mayiko a azungu akakana mafuta a Russia, mgolo ukhoza kufika madola 300. Sizinachitike. Pa 5 Disembala 2022 European Union inaleka kugula mafuta osayenga a Russia obwera pa sitima, ndipo mayiko asanu ndi awiri olemera a G7 analamula kuti makampani awo a sitima ndi a inshuwalansi asathandize kunyamula mafuta ogulitsidwa kuposa madola 60. Russia inayankha potsitsira mtengo China ndi India komanso kusonkhanitsa sitima zakale za eni osadziwika bwino. India, yomwe isanayambe nkhondo inkagula pang'ono zedi, inafika potenga ku Russia gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a mafuta ake ogula kunja. Mu Febuluwale 2023 a Novak analengeza kuti achepetsa migolo 500,000 patsiku.

Gasi ndiye sanapezeke pomugulitsa mosavuta, poti mpaipi suukhotetsa ngati sitima. Msika wa ku Ulaya, womwe Moscow inaumanga kwa zaka makumi asanu, wambiri unatayika.

Pali amene amati a Novak ndi katswiri chabe, za nkhondo sizikuwakhudza. Ine sindikuvomereza. Mu 2024 ndalama za mafuta ndi gasi zinali zikadali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti, ndipo bajeti imeneyo ndi imene imagula zipolopolo. Boma la America linaona chimodzimodzi, ndipo linawaika pa ziletso kumapeto kwa Seputembala 2022.

Kodi ndi iwo okha katswiri wa zachuma amene anakhalapo pa mpandowu?

Ayi. Nduna ya mafuta m'boma la osintha zinthu la a Yegor Gaidar, kuyambira kumapeto kwa 1991, inali a Vladimir Lopukhin, nawonso katswiri wa zachuma. Iwo ankafuna kumasula mitengo ya mafuta, akuluakulu a mafakitale anawaukira, ndipo a Yeltsin anawachotsa chaka chisanathe, n'kupereka nkhani za mafuta kwa a Viktor Chernomyrdin a ku Gazprom.

Ife kuno zikutikhudza bwanji?

Malawi amagula kunja dontho lililonse la petulo ndi dizilo, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amalipira madola. Bungwe la MERA likamawerengera mtengo wa pa pampu limayang'ana mtengo wa kunja ndi mphamvu ya kwacha. Ndiye OPEC+ ikachotsa migolo pa msika, monga inachitira mu Okutobala 2022 polengeza zochotsa 2 miliyoni patsiku, timafunika madola ambiri kuti tigule thanki yomweyo. Mizere ya pa malo omwetsera mafuta imayamba makamaka ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwathu konkuno, zimenezo tisanamizire a Novak. Koma kondakitala wa minibasi akakuuzani kuti mtengo wakwera, kachigawo kena ka ndalama imeneyo kanamangidwira ku Vienna. Feteleza wa yureya nayenso amapangidwa kuchokera ku gasi, n'chifukwa chake gasi atakwera mu 2021 ndi 2022 thumba lake linathawa alimi.

Nanga tauni imene anabadwira ili bwanji lero?

Avdiivka inali tauni ya anthu oposa 30,000, yodalira fakitale yaikulu yowotcha malasha opangira zitsulo, imodzi mwa zazikulu kwambiri ku Ulaya. Kuyambira 2014 inakhala pamalire a nkhondo, mizinga ikugwa kuchokera ku Donetsk, koma fakitaleyo inkagwirabe ntchito ndipo ndi imene inkatenthetsa nyumba za anthu m'chisanu. Nkhondo yaikulu itayamba ambiri anathawa, otsala n'kumakhala m'zipinda za pansi pa nyumba. Asilikali a Russia anaiukira mwamphamvu kuyambira mu Okutobala 2023, akuigwetsera mabomba a ndege tsiku ndi tsiku, ndipo asilikali a Ukraine anatulukamo pa 17 Febuluwale 2024. Pamene Russia inkakweza mbendera yake, nyumba zambiri zinali mabwinja, fakitale ija itazima.